Pepala Limene Linadya Chifu cha Achimwene

1

Ku ntchito kwathu munthu sayezedwa ndi suti kapena galimoto. Timayezana ndi chinthu chimodzi: asayansi angati atchula pepala lako la kafukufuku m'zolemba zawo. Akakutchula khumi, ukadali mwana. Akafika zana, anzako amayamba kukupatsa moni ndi manja awiri. Ine ndine wofufuza za khansa. Ndatha zaka makumi awiri ndikusuzumira m'kati mwa maselo, ndalemba mapepala 84, ndipo limodzi mwa iwo latchulidwa ka 3,000.

Nkhani ino ndikuilemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja anandithyola achimwene anga a bere limodzi. Musafulumire kuwaweruza.

Tinabadwa atatu: achimwene, achemwali, ine mzime. Bambo athu anamwalira ndili ndi zaka 14. Chimene ndimakumbukira ndi beseni la pansi pa bedi, lodzaza magazi akuda amene ankasanza mpaka maso kutembenuka. Madokotala anati khansa ya m'chifu. Patapita zaka, achemwali nawo anayamba kukhuta ndi masupuni awiri okha. Miyezi isanu sinakwane tinawaika m'manda, atasiya beseni lawolawo.

Amene anandilera ndi achimwene. Anali owotcherera zitsulo, ndipo m'dera monse ankawatchula kuti a Nyundo. Geti limene amuna atatu ankalibuulira, iwo ankalikoleka paphewa okha, kenaka n'kukhala pansi kudya mbale ziwiri za nyama akuseka.

"Iwe werenga," ankatero. "Zitsulo undisiyire ine."

Ndili ku yunivesite ndinkakhala kwawo, m'kachipinda ka kuseri. Alamu anga, akazi awo, tinali a msinkhu umodzi, ndipo ndiwo ankandichapira ndi kundiphikira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anabadwa ine ndikumaliza digiri yoyamba. Ankalira motsitsa ngati njiwa, choncho tonse tinkangomuti Kanjiwa.

2

Nditapatsidwa labu yangayanga, funso langa linali limodzi: n'chiyani chikupha anthu a m'banja mwathu? Ku chipatala anali atasunga tizidutswa ta zotupa za bambo ndi achemwali. Ndinatipempha, ndinatiyeza, ndipo mwa onse awiri ndinapeza cholakwika chofanana, pamalo amodzimodzi.

Loweruka lina ndinafika kwa achimwene ndi majekeseni ndi timachubu.

"Ndikufuna magazi a aliyense m'nyumba muno," ndinatero.

"Sukulu yonse ija wabwerako uli udzudzu?" anaseka achimwene.

"Ndikufuna kuona majini athu."

"Majini? Mphwanga, kwathu kulibe wogwidwa mizimu."

Ndinawafotokozera kuti jini ndi langizo lolembedwa m'thupi, limene mwana amatengera kwa bambo kapena kwa mayi ake. Likalembedwa molakwika, chifu chimayamba kudzidya chokha mwakachetechete. Achimwene anapinda malaya n'kunditambasulira mkono. Kanjiwa, amene anali ndi zaka 11, anatsinzina koma sanalire.

"Nanga anga ndi a chiyani, poti ine ndine wobwera?" anafunsa alamu.

"Ndi oyerekezera chabe, alamu."

Ananditambasulira mkono akuyang'ana kukhoma. Pomaliza ndinadzibaya ndekha, machubu n'kukwana anayi.

Makina owerengera majini mu labu yathu ankayendetsa ndi mayi wina amene tinkamuti Mayi Diso, chifukwa palibe kadontho kankamudutsa. Sabata imeneyo anali pa tchuthi, choncho ndinayeza ndekha. Zotsatira zitatuluka ndinakiya chitseko masanasana, ndinakhala maola atatu ndikuyang'ana kompyuta. Kenaka ndinasamba m'maso n'kupita kukawauza.

"Achimwene, jini lija muli nalo. Kanjiwa nayenso ali nalo. Alamu alibe. Ine ndilibe."

Alamu anagwira pakamwa. Achimwene anadzuka, anandikumbatira mpaka nthiti kulira.

"Bola iwe wapulumuka," anatero. "Udzatisamala."

3

Pepala linatuluka m'magazini yaikulu ya asayansi. Pakati pake panali chithunzi cha banja lathu, chopanda maina: timabokosi kuimira amuna, timizere tozungulira kuimira akazi, odetsedwa onse amene anali ndi jini lolakwika. Gogo, ana ake awiri, mdzukulu. Mibadwo itatu yondondozana bwinobwino, umboni umene asayansi amaulota.

Chaka choyamba linatchulidwa ka 90. Chachiwiri, ka 300. M'mawa uliwonse, ndisanatsuke n'komwe mkamwa, ndinkatsegula foni kuona ngati nambala yakwera. Anandikweza kukhala pulofesa. Ndinkaitanidwa ku misonkhano, ndikaimirira anthu a imvi n'kumalemba zimene ndikunena. Akazi ankandifuna, koma sindinakwatire. Anthu ankati ndinakwatira labu.

M'chaka chachitatu madokotala a opaleshoni anagwirizana mfundo: munthu wamkulu wopezeka ndi jini limeneli, ndi bwino amuchotse chifu chonse khansa isanayambe. Pa maumboni awo, pepala langa linali pamwamba.

Achimwene anaitanidwa ku chipatala, ine ndi alamu tinawaperekeza. Dokotala wa opaleshoni anayala pepala langa lomwelo patebulo.

"Bambo, muli ndi mwayi," anatero. "Amene analemba izi ndi mng'ono wanu."

Achimwene anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, ukuti bwanji? Ukati dulitsani, ndidulitsa. Sindifuna Kanjiwa adzanditayire beseni."

Pa nthawiyo pepala linali litatchulidwa ka 600.

"Dulitsani, achimwene," ndinatero.

Tsiku la opaleshoni, atawakankhira m'kati pa kabedi ka mateyala, alamu anandikokera pakona ya khonde. Zikhadabo zawo zinandilowa m'mkono.

"Alamu, mundiyang'ane. Mukutsimikiza?"

"Makina sanama."

"Sindikufunsa makina. Ndikufunsa inu."

"Ndikutsimikiza."

Anandisiya. Pamkono panatsala timabala tinayi tikutuluka magazi.

4

Anawang'amba kuyambira pachifuwa mpaka pamchombo. Anachotsa chifu chonse, n'kulumikiza kummero ndi matumbo. Bala linachita mafinya, anawatsegulanso kachiwiri. Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu ndi iwiri akuyenda chogwira khoma.

A Nyundo anathera pomwepo. Munthu wa mbale ziwiri uja tsopano ankadya ngati khanda, pang'onopang'ono, kasanu ndi kawiri pa tsiku. Akangowonjezera pang'ono, thukuta, chizungulire, kenaka kusanza mpaka kugwada. Anataya makilogalamu 34. Tsiku lina anayesa kunyamula chitseko chachitsulo, anagwa nacho, chinawaphwanya zala ziwiri za kuphazi. Shedi yawo anaisiyira ena, iwo n'kumangowotcherera timipando ndi timawilibala pakhonde.

Ndi ine sanadandaulepo. Ndikapita kukawaona ankauza aneba, "Uyu ndiye anandipulumutsa. Pulofesa wathu."

Chifu chawo chinabwera ku labu kwathu mu chidebe cha mankhwala. Kawirikawiri chifu cha munthu wa jini limeneli, ngakhale chioneke chabwino, ukachidula tizidutswa umapezamo timbewu ta khansa tobisala. Dokotala woyeza minofu anachidula tizidutswa mazana atatu. Sanapezemo kanthu.

"Chodabwitsa," anatero. "Choyera ngati cha mwana."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinalembapo pepala lina, lofotokoza za munthu wa jini lolakwika amene chifu chake chinapezeka chopanda banga. Nalonso linatchulidwa ka 200.

5

Kanjiwa atakwanitsa zaka 21, nthawi yake yoganiza za opaleshoni inakwana. Koma malamulo a chipatala anali atasintha. Sankadaliranso zotsatira zakale. Anatenga magazi atsopano a Kanjiwa, ndi a makolo ake onse awiri, n'kuwatumiza ku labu yathu. Ine sindinadziwe. Ndinali ku msonkhano kunja, ndikuomberedwa m'manja.

Ndinabwerera sabata imene pepala langa linakwanitsa 3,000. Akuluakulu a yunivesite anakonza kaphwando Lachisanu masana m'chipinda cha misonkhano. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa wa Lachisanulo Mayi Diso anandiitanira m'chipinda cha mafiriji, n'kutseka chitseko.

"Pulofesa, magazi a achimwene anu ndawayeza katatu. Jini lija alibe."

"Makina alakwitsa."

"Ndinaganizanso choncho. Ndiye ndinatulutsa machubu akale aja." Anaika machubu awiri patebulo, akufuka nthunzi ya chisanu. "Ili lalembedwa kuti ndi lanu, koma magazi ake ndi a achimwene anu, ndendende. Ili lalembedwa kuti ndi lawo. M'katimo muli magazi a munthu wina, wapachibale, amene ali ndi jinilo. Ndipo pansi pa kapepala aka pali zomatira za kapepala kena kamene kanamatulidwa."

Ndinagwira firiji.

"Mayi, tikambirane. Dzina lanu likhoza kukhala loyamba pa pepala lililonse limene..."

"Musandinyoze. Zotsatira ndinatumiza ku chipatala Lachitatu. Banjalo aliitana lero m'mawa." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Achimwene anuwo ndinawaona asanadulidwe, Pulofesa. Chifukwa chanu sindikufuna n'kuchimva komwe."

Nthawi ya nkhomaliro foni inalira. Anali Kanjiwa, akulira mosweka mawu.

"Bambo aang'ono, adadi apenga! Aswa chilichonse m'nyumba. Amayi awamenyetsa mutu pachitseko, magazi ali ponseponse, aneba awathamangira nawo ku chipatala. Atenga chitsulo atuluka. Chikuchitika n'chiyani? Palibe akundiuza!"

Ndikanatha kuthawa. Galimoto inali panja. Koma ndinavala jekete, ndinakonza tayi, n'kulowa m'chipinda cha phwando. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kupusa kapena kutopa.

6

Panali keke yolembedwa nambala ija pamwamba. Tsamba loyamba la pepala langa analiika m'felemu yagalasi pakhoma. Mkulu wa yunivesite anali pakati pa mawu, akunena kuti ntchito yanga yapulumutsa miyoyo yosawerengeka, pamene chitseko chinati phwaa!

Achimwene analowa atavala ovolosi yawo yakale imene tsopano inkawalendewera ngati thumba. M'manja anali ndi paipi yachitsulo yotalika ngati mkono. Anali oonda ngati bango, koma dzanja la wowotcherera siliiwala ntchito.

Anayamba ndi felemu ija. Magalasi anauluka chipinda chonse. Anthu anakuwa, mipando inagwa, mkulu wa yunivesite anakwawira pansi pa tebulo. Kenaka anabwera kwa ine.

"Achimwene, dikirani..."

Ndinatchinga ndi dzanja lamanja. Ndinamva fupa likuti thyo, ngati nkhuni youma, mkono n'kupindika pamene palibe mfundo. Kachiwiri paipi inandipeza m'nthiti, mpweya wonse n'kuthawa. Ndinagwera pa tebulo, keke n'kundimata kumaso. Anandikoka ndi tayi, anandigwetsera pansi pa magalasi, n'kundiponda pakamwa ndi jombo. Ndinalavula mano atatu.

Amuna awiri anayesa kuwagwira. Anazunguza paipi, mmodzi n'kumung'amba chikope, onse anabwerera m'mbuyo.

"Aliyense akhale pomwe alipo!" anakuwa. "Inu ophunzira, bwerani muone sayansi!"

Anang'amba ovolosi, mabatani n'kuthothoka. Chipsera chija chinaonekera, chokhuthala, chokhotakhota, pakati pa nthiti zowerengeka.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusanza ngati galu! Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuuza anthu kuti uyu anandipulumutsa! Lero dokotala akundiuza kuti ndinalibe kanthu. Chifu changa chinalakwa chiyani, iwe?"

Ndinayesa kuyankha, mkamwa munangotuluka magazi.

Anagwada, bondo lawo pa nthiti zothyoka zija, paipi n'kuikanikiza pakhosi panga. Mawu awo anatsika.

"Ine sukulu sindinapite patali, koma kuwerenga mpaka zinayi ndimatha. Unandiphunzitsa wekha kuti jini mwana amatengera kwa bambo kapena kwa mayi. Kanjiwa ali nalo. Mayi ake alibe. Ine ndilibe. Bambo athu anafa iye asanabadwe. Watsala ndani? Nena pamaso pa anzakowa."

Ndinaona Mayi Diso ataima pakhomo, manja ali m'matumba a gauni.

"Ndi wanga," ndinatero. "Kanjiwa ndi mwana wanga."

Ndinatsinzina kudikira chitsulo cha m'mutu. Sichinabwere. Ndinamva paipi ikugwa pa simenti. Nditatsegula maso, achimwene anali atagwada pambali panga akusanza ndulu. Mphamvu zinali zitawathera. Alonda anawanyamula ngati mtolo wa zovala.

7

Tsopano mumve zimene ndinabisa.

Ndili m'chaka chomaliza ku yunivesite, achimwene anapita miyezi itatu kukawotcherera mlatho kutali. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi alamu. Sindinamizira satana, kapena ubwana. Zinachitika kwa milungu itatu, tinasiya tokha chifukwa cha manyazi, achimwene n'kubwera. Mimba itaoneka, ngakhale alamu sankadziwa mwini wake. Tinasankha kusafunsa.

Tsiku lija ndinadzikiyira mu labu, kompyuta inandiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti ndili ndi jini limene linapha bambo, ndi kuti Kanjiwa ndi wanga. Ndikanalemba zoona, aliyense wodziwa kuwerenga chithunzi cha banja akanaona chigololo changa. Ndikanamuchotsa Kanjiwa pa chithunzicho, m'badwo wachitatu ukanasowa, pepala likanakhala wamba. Choncho ndinamatula timapepala tiwiri, ndinatisinthanitsa. Ntchito ya mphindi imodzi. Ndinadziuza kuti palibe amene apwetekeke.

Pamene dokotala wa opaleshoni anayala pepala lija, ndinali ndi mpata wonena. Ndikanangoti, "Tiyezenso kaye." Koma kuyezanso kukanagwetsa zonse: banja, upulofesa, ndi nambala ija imene ndinkaipembedza m'mawa uliwonse. Ndinaika chifu cha achimwene mbali imodzi ya sikelo, pepala langa mbali inayo. Pepala linalemera.

8

Ku chipatala, pojambula nthiti zanga, dokotala anaona china. Khoma la chifu changa linali litakhuthala ngati chikopa. Anatengako kachidutswa. Khansa, ndipo inali itafalikira kale.

"Pulofesa, inu mwa anthu onse, simunadziyezetse bwanji?" anafunsa.

Ndikanadziyezetsa bwanji, poti pa pepala ndinali munthu wopanda jini? Opaleshoni imene ikanandipulumutsa ndinaipereka kwa munthu amene sankaifuna.

Yunivesite inandichotsa ntchito. Magazini ija inadinda mawu ofiira pa mapepala onse awiri kuti ndi obwezedwa, ndipo ena 82 aja akuwafufuza limodzi ndi limodzi. Ophunzira anga, amene sanalakwe kanthu, akusowa wowalandira. Alamu anasokedwa m'mutu, anapita kwa abale awo, sanabwererenso. Apolisi atabwera kudzandifunsa, ndinati ndilibe dandaulo. Achimwene anakhala m'chitokosi milungu iwiri, mlandu wa alamu ndi wa mnzanga wa chikope uja ukadali ku khoti.

Kanjiwa anabwera kamodzi, kutatsala masiku awiri kuti achitidwe opaleshoni yake. Iye jini ali nalodi, limenelo si bodza. Anaima kumapazi kwa bedi, sanakhale pansi.

"Mwanang..." ndinayamba.

"Musayerekeze," anatero. "Ndabwera kudzaona nkhope ya munthu amene anandipatsa matendawa, basi. Bambo anga ali pakhonde apo. Ndiwo akundiperekeza mkuja, ndipo akuti adzandiphunzitsa kukhala moyo wopanda chifu, poti iwo anaphunzira kale."

Anatuluka. Pakhonde ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa kuyambira ndili mwana, kenaka mapazi a anthu awiri akupita.

Inu amene mukuwerenga, ndili ndi mawu awiri. Oyamba: ngati kwanu anthu akutha ndi nthenda imodzi, kayezetseni. Jini lija ndi lenileni, asayansi ena oona mtima analipezanso m'mabanja ambiri. Musakane chithandizo chifukwa cha ine. Koma mpeni usanakukhudzeni, yezetsani kawiri, kwa anthu awiri osadziwana, ngakhale woyambayo akhale m'bale wanu wa bere limodzi.

Achiwiri ndi a inu amene muli ndi kanthu kamene munakwirira, ndipo mukuti bola palibe akupwetekeka. Inenso ndinkatero. Bodza langa silinakhale pamene ndinalisiya. Linakula, linalowa m'mabuku, linavala gauni, linagwira mpeni. Tsiku loyamba kulivomera kukananditengera manyazi okha. Ndinadikira, ndipo analipira ndi thupi lake ndi munthu amene anandilera.

Sabata yatha namwino anandipempha nambala ya wachibale woti adzamuimbire zinthu zikadzafika poipa. Ndinaganiza nthawi yaitali, kenaka ndinapereka ya achimwene, poti ina ndilibe. Anapita kukaiyesa. Atabwerera ankakonza bulangete langa osandiyang'ana.

"Ayankha?" ndinafunsa.

"Ayankha."

"Ati chiyani? Musandibisire."

Namwino anapumira m'mwamba. "Ati, akadali moyo musandiimbire. Akafa mundiuze. Ndi mphwanga, ndidzamuika ndine."